Makiyi a Mpanda Wakumtunda

"Bambo, makiyi a mpanda wakumtunda ali kuti?"

Wofunsayo anali mwana wamwamuna wa atelala. Atelalawo anali atakhala pa makina awo osokera pakhonde, koma phazi silinali kuponda. Panali patapita masiku asanu chiwaikireni akazi awo m'manda, ndipo odzapepesa anali atabalalika. Pakhomo panatsala ana awo awiri: wamkulu, dalaivala wa magalimoto onyamula katundu, ndi mlongo wake, mphunzitsi, yemwe ankatsuka makapu obwereka pafupi ndi chitseko.

"Ukufuna kukatani nawo?"

"Kutsegulira ng'ombe. Mwaiona Mawanga m'mawa uno? Yadzuka titachita kuikoka mchira. Kamvula kadzana kaja kaphukitsa msipu kumtundako. Ng'ombe zife ndi njala zikuyang'ana chakudya kuseri kwa waya? Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, bambo."

"Mayi ako sankatsegula nthawi ngati ino."

"Chifukwa?"

Atelala anayang'ana singano. Chifukwa chake sankachidziwa, kapena ankaganiza kuti sakuchidziwa. Ng'ombe ndi busa zinali za akazi awo. Malemuwo anagwira ntchito zaka makumi awiri pa famu ina yoyeserera mitundu ya msipu, akupeta njere ndi kunyamulira akatswiri zikwama. Sukulu sanapite nayo patali, koma makutu anali nawo. Atapuma, anagawa munda wa makolo awo panayi ndi waya, n'kumasinthira ng'ombe mpanda uno mwezi uno, mpanda winawo mwezi wamawa. Anthu ankawaseka: "Anzawo akulima chakudya, iwo akulima udzu!" Dzina loti Mayi Maudzu linawakanirira mpaka pamaliro. Zonsezi atelala ankaziona ali pakhonde, nsalu ili m'manja. Iwo ng'ombe ankaidziwira m'kapu ya mkaka basi.

Dalaivala anakoka mpando n'kukhala pafupi. Mawu ake anafewa.

"Ndinene zoona, bambo. Zikangolimbako miyendo, tizigulitse zonse. Munda tibwereketse kwa mkulu wa thirakitala uja, wakhala akuufuna. Inuyo tipitire limodzi kutauni. Makina anuwa akwana pakhonde langa."

"Achimwene," anatero mphunzitsi osatembenuka, "maluwa pamanda sanafote n'komwe."

"Iwe Lolemba ukubwerera kusukulu kwako. Ine galimoto la eni likundidikira. Atsala ndi ndani pano? Bambo sadziwa ngakhale mbali yokhala pokama ng'ombe."

"Kumanja," atelala anayankha.

"Kumanja kwa ndani? Kwanu kapena kwa ng'ombe?"

Atelala anayang'ana dzanja lawo lamanja, kenako lamanzere. Mphunzitsi anaphulika kuseka, mchimwene wake naye anagwira pamimba, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikireni zovuta, pakhomopo panamveka phwete. Koma kuseka kutatha, dzanja la dalaivala linali likadali chitambasulire, kudikira makiyi.

Makiyiwo anali m'kabokosi ka mabatani, momwe akazi awo anawaponya m'mawa umene anapita kuchipatala. Atelala anawatenga n'kuwaika m'thumba lawo.

"Tenga khasu," anauza dalaivala. "Tiyeni tonse."

Anadutsa kukhola, komwe ng'ombe zisanu ndi zinayi zinawayang'ana ndi maso olowa, nthiti zili pamtunda. Mvula inali italephera chaka chathachi, ndipo chaka chino inali itachedwa ndi miyezi iwiri. Kuseri kwa malire, busa la anansi linali fumbi lokhalokha, mphepo ikusewera nalo. Mipanda itatu ya malemu inali yodyedwa mpaka ziputu, koma nthaka inali yophimbika. Wachinayiwo, wakumtunda, unali utavala kaubweya kobiriwira, kosapitirira chala.

Atelala anatsegula loko, onse atatu n'kulowa, iwo n'kutsekanso. Anasankha chiputu chimodzi n'kuyamba kukumba pambali pake. Atangogwetsa khasu kasanu, m'manja munayamba kuyaka. Manja ozolowera nsalu sagwirizana ndi mpini.

"Bweretsani kuno musanadzidule phazi," anatero dalaivala. "Tikufunafuna chiyani?"

"Pothera mizu."

Anakumba mpaka dzenje kumufika m'mawondo. Mizu, yopyapyala ngati ulusi, inali ikupitabe. Anavula malaya, n'kukumbanso mpaka m'chiuno. Dothi lapansilo linali lozizira, lachinyontho pang'ono, ndipo mizu inali ikutsikabe osaonetsa kutopa.

"Haa! Kaudzu komweka?"

"Udzu weniweni ndi umenewo," anatero atelala. "Zapamwambazi ndi malaya chabe."

Anadabwa okha. Mawuwo sanali awo. Anali a akazi awo, amene madzulo alionse ankakhala pa mpando wa pakhonde n'kumasimba za mipanda yawo, makina akulira, iwo akungoyankha "ehe, ehe" mapini ali kukamwa. Ankayesa kuti sankamva. Tsopano mawuwo anayamba kutuluka okha, limodzi ndi kalankhulidwe ka mwini wake.

Anagwada n'kufukula pakati pa chiputu ndi chala. "Taonani apa. Diso la udzu lili pansi penipeni, pomwe mano a ng'ombe safika. N'chifukwa chake ukadyedwa umaphukanso. Mtengo ukaudula nsonga umaima, koma udzu umakula kuchokera kutsinde." Anathyola tsamba louma lakale. "Ili lapindika ngati chingwe. Dzuwa likanyanya umadzipinda kuti madzi asathawe. Zikafika poipa umaumitsa masamba onse n'kugona. Ife timati wafa, pamene wangobisa chakudya chake m'mizu."

"Ndiye ngati sufa, vuto lili pati?" anafunsa dalaivala ali m'dzenje.

"Mphukira izi zatuluka ndi chakudya chobisacho, chotsala chenicheni. Zikakula, masamba abweza chakudya kumizu. Koma ng'ombe zikazimwetula lero, udzu ukokanso kunkhokwe. Zikamwetulanso, nkhokwe yatha. Pamenepo ndiye umafa zenizeni." Analoza busa la anansi. "Uko kunachitika zimenezo. Mayi ako ankati udikire mpaka ufike apa." Anaika dzanja pakati pa msongolo wawo.

Mphunzitsi anali atagwira pakamwa. "Mwalankhula ndendende ngati amayi," anatero, misozi ikutsika. "Mpaka kaloza-loza komwe."

Dalaivala anatuluka m'dzenje n'kukhala pamulu wa dothi. Anapukuta thukuta.

"Milungu ingati?"

"Itatu. Mwina inayi, mvula ikazengereza."

"Mawanga safika."

"Mwina safika."

"Nanga inuyo?" anatero dalaivala. "Za ng'ombe ndilibe nazo kanthu, bambo. Amayi anadwala ine ndili pamsewu. Foni inandipeza kumalire a dziko, ndinafika atatseka kale maso. Mukufuna kuti ndidzamvenso za inu pafoni?"

Atelala anakhala pansi pambali pake, pa dothi lomwelo, osasamala buluku lawo lositidwa.

"Mwana wanga, kutauni kwako ndizikasokera ndani? Zaka zonsezi mayi ako anandisiya ndikhale pamthunzi. Sanandiuzepo kuti ndinyamule ndowa. Ndikapereka munda uno kwa thirakitala sabata yomwe tawaika, tsiku limodzi lokha litembenuza zonse zimene anachita zaka khumi ndi zisanu. Ndilole ndiyesere. Ndikalephera, ndidzakuimbira ndekha kuti bwera udzanditenge."

Dalaivala anaimirira n'kuyamba kukwirira dzenje lija, mosamala, akupondereza dothi mozungulira chiputu.

Masiku otsatirawo anagwira ntchito ngati waganyu. Anapeza wogula ng'ombe zitatu zokalamba, kuti pakamwa pachepe. Anabwera ndi matumba a madeya, nakwera m'mitengo ya m'malire kusadza nthambi za masamba. Anapita kwa mayi wina woyandikana nawo, mnzawo wa malemu, kukapempha kuti aziphunzitsa bambo ake kukama. Mayiyo anavomera, nati, "Zala zogwira singano sizingakanike bere la ng'ombe." Tsiku loyamba ng'ombe inaponda ndowa, lachiwiri inaponda atelala.

Mawanga inafa Lachisanu m'mawa. Atelala anaipeza itagona pafupi ndi chipata cha khola, mutu utaloza kumtunda. Anaima pamenepo, makiyi akuwalemera m'thumba, akudikira kuti mwana wawo anene zimene anali ndi ufulu wonena. Dalaivala anaiyang'ana, n'kuyang'ana bambo ake.

"Zatsala zisanu," anatero. "Zimenezi zifika." Ndipo anapita kukatenga chingwe.

Dalaivala ananyamuka Loweruka, atalonjeza kudutsa pakatha milungu iwiri. Usiku wake kunagwa mvula yachiwiri, yosachuluka, koma yolowa pansi.

Lamulungu masana, mphunzitsi akulongedza zovala za mayi ake m'sutikesi, anatulutsa chikhothi chabuluu chogwirira ntchito chimene chinali kuseri kwa chitseko. Atelala anachilandira n'kupisa dzanja m'thumba mwachizolowezi. Chala chinatulukira kunsi.

"Taona," anatero akupukusa mutu. "Thumba ili ndalisoka kosawerengeka. Ulusi wolimba, kubwereza kawiri. Pakatha mwezi, labooka. Sindinamvetse kuti mayi ako ankanyamulamo misomali kapena chiyani."

Mphunzitsi anawayang'ana, n'kuluma mlomo.

"Simunkadziwa? Ankachita kumasula okha ndi lezala."

"Kumasula?"

"Mvula ikayandikira ankadzazamo njere za udzu, n'kumayenda. Popita kumsika, kuchigayo, kukaona odwala. Ankadutsa dala m'mabusa a anthu omwe ankawaseka aja, njere zikugwa m'mbuyo. Ankati ukawapatsa m'manja akana, aziti Mayi Maudzu ayambanso."

"Nanga osandiuza bwanji kuti ndisamasoke?"

"Ndinawafunsapo. Anati, 'Asiye bambo ako. Akamasoka chikhothi changa amaimba.'"

Atelala anakhala pabedi, chikhothi chili pamiyendo. Anatembenuza thumba lija n'kuliyang'anitsitsa. Ulusi wawo unali wodulidwa bwinobwino, mfundo imodzi imodzi, nsalu osaikhudza. Mumsoko munali mutakanirira tinjere titatu taubweya.

Anaimirira n'kuvala chikhothicho. Chinawathina m'mapewa, manja ake n'kulekeza pamwamba pa mfundo za dzanja. Anapita kuchipinda chosungira katundu, komwe kunali zitini za malemu zolembedwa ndi makala, natapa njere zodzaza manja awiri n'kuthira m'thumba, chala chitatseka pobooka.

"Tiye ndikuperekeze kubasi," anauza mwana wawo.

"Msewu uli uku, bambo."

"Ndikudziwa. Tidzera kubusa kwa anansi."

Atadutsa waya wa m'malire, anachotsa chala.