Zilembo za pa Chiliza cha a Yoweli

Alamu anga a Dominic anabwera Lachiwiri kudzandiuza kuti Loweruka adzatenga kompyuta ya achimwene awo. Njinga anatenga kale. Wilibala anatenga kale. Sindinalire. Ndinangoti, "Dikirani kaye ndisindikize pepala la chiliza."

Malemu amuna anga, a Yoweli, ankalembera anthu mapulogalamu a ukwati ndi a tchalitchi kuno ku boma la Chadiza. Kompyuta yawo inali yakalekale, yotuwa, yolira ngati chigayo. Anali ndi zilembo zawo zomwe aliyense ankazidziwa, zonenepa, zamichira. Mmisiri wa ziliza anati ndimubweretsere pepala la zilembo zikuluzikulu, iye akopere pa simenti. Ine ndinkafuna zilembo zomwezo. Zina ayi.

Koma kompyutayo sinkatha kusunga zilembo zambiri. A Yoweli ankaziikamo akazifuna, akamaliza n'kuzichotsa. Zinkakhala pa madisiketi atatu m'chitini cha mabisiketi.

Lachisanu masana ndinaitana a Faith, alembi a kutchalitchi kwathu. Anaika disiketi yoyamba. Makina anafuna yachitatu. Anaika yachitatu, anafunanso yoyamba.

"Kodi yachiwiri ndi ya chiyani nanga?" anatero a Faith. "Yokongoletsa chitini?"

"Afunseni eni ake, ali ku manda."

Makina analira, analira, kenako anangoima.

"Amake Tiyanjane, pano akuti nthawi ya zilembozi inatha. Inatha mu 2000."

"Inatha bwanji? Chaka chathachi ankasindikizira anthu, ine ndikuona."

"Ndiye kuti ankawanamiza makinawa. Ankawauza tsiku lakale."

Anayesa kubweza tsiku, anaika 1995. Makina anakana, akuti zilembozo zinali zisanaikidwepo chaka chimenecho. Anayesa lina, anakananso. A Faith anayang'ana dzuwa pawindo. Anali ndi kwaya nthawi ya folo.

Ndinakhala pansi pa simenti. Ndinatenga chivundikiro cha chitini kuti ndizidzipepesera mphepo, ndipo m'kati mwake ndinaona manambala okandidwa ndi msomali: 14-8-1999.

"Yesani ili."

A Faith analemba. Makina anafuna disiketi yachiwiri, koyamba. Kenako zilembo zinabwera, zonenepa, zamichira.

"Ndi tsiku la chiyani limeneli?"

"Ukwati wathu, kwa Zingalume."

Anandiyang'ana, akudikira kuti ndilire. Ine ndinkangoona khoma. Zaka 25 ndinakhala ndi munthu ameneyu. Tsikuli likafika ankangodzuka, kusamba, n'kupita. Palibe chaka chomwe anandiuzapo kuti akulikumbukira. Ndinkatukwana ndekha kumunda kuti ndinakwatiwa ndi chitsa. Kodi ankalikumbukira? Ankauza makina, ine ayi.

"Lembani," ndinatero. "Yoweli Mbewe. Anabadwa 1968. Anamwalira 2024. Basi."

"Vesi ayi?"

"Ndati basi."

Pepala linatuluka pang'onopang'ono, likunjenjemera. Pakona ya sikirini tsiku linali likadali la ukwati, pa pepala munthu ali wakufa. Ndinalipinda bwino, n'kupita nalo kwa mmisiri nthawi yomweyo, wapansi.

Loweruka m'mawa a Dominic anabwera ndi ngolo. Anazimitsa makina, anazula mawaya, anayala matumba a thonje kuti sikirini isasweke.

"Mlamu, zonse zikugwira ntchito eti? Ndikufuna kutsegula ofesi kwa Mlolo. Anthu amafunsa zilembo zija za achimwene."

"Zikugwira."

"Nanga madisiketi?"

Ndinawapatsa chitini, onse atatu ali momwemo.

"Chivundikiro chili kuti?"

"Chinasowa."

Anamanga pulasitiki pamwamba pake ndi mphira, n'kukwera. Ng'ombe zinanyamuka. Sindinatuluke kukawaperekeza.

Chiliza anamanga mwezi wotsatira. Zilembo zake ndi zomwezo, ngakhale mmisiri anapotoza mchira wa Y. A Dominic anditumira uthenga kawiri kuti makina akukana, akuti nthawi inatha. Paukwati wathu analipo, anadya, anavina. Ngati akulikumbukira tsikulo, alembe.

Chivundikiro ndimavundikira mchere.