Mndandanda wa Mabenchi a Pamsika

"Mulembe ndi pensulo, Achidindo," anatero bwana woyang'anira misika, ataima pakhomo la ofesi. "Bolopeni imadetsa pepala."

Achidindo anali mayi wogwira ntchito ya ulembi kukhonsolo, ndipo dzinali analipeza chifukwa chidindo cha ofesi chinkagona m'kabati mwawo. Anangoti, "Chabwino bwana," koma mtima ukuwawa. Zaka zisanu ndi ziwiri pa desiki imeneyo zinawaphunzitsa kuti kumene kwapita pensulo, labala amalondola. Mndandanda ukagona m'chipinda cha bwana, unkadzuka ndi mayina a alamu ndi asuweni okhaokha.

Ulendo uno unali wa olandira mabenchi pamsika watsopano. Pakati pake panali mayi wina wogulitsa tomato, amene anatha zaka zitatu akugulitsira pansi m'mbali mwa ngalande. Lolemba lililonse ankabwera kudzafunsa, mpaka alonda anasiya kumufunsa chimene wadzera. Bwana anagogoda dzina lake ndi chala papepala loti Achidindo akopere.

"Apa padzakhala mlamu wa akhansala. Mayiyu pansi anapazolowera."

Bwana atangolowa mumsonkhano, Achidindo analemba mayina onse ndi bolopeni, nadinda tsamba lililonse. Ankadziwa ndithu kuti ntchito sitoleka pamsewu. Komabe anatuluka n'kukamata mapepalawo pabolodi la panja.

Pomwe msonkhano unkatha, pabwalo panali patadzaza mavenda.

"Wakutumani ndani?" bwana ananong'ona mano ali gwa.

"Lamulo, bwana. Limati mndandanda uzimatidwa poyera. Lili m'buku lija mumatchingira zenera kuti lisamenyeke ndi mphepo."

Bwana anathamangira kubolodi kuti akang'ambe mapepalawo, koma anapeza mafoni ali m'mwamba, aliyense akujambula. Telala wina ankawerenga mayina mokweza. Mayi wa tomato atamva lake, anakuwa n'kugwira dzanja la bwana ndi manja awiri.

"Bwana, Mulungu akudalitseni! Anthu amakunenani zambiri, koma lero ndaona ndekha kuti ndinu munthu!"

Anthu anaomba m'manja. Bwana akanatani? Anamwetulira ngati wamwa mankhwala owawa, nakweza dzanja.

Sabata yonse bwana sanawapatse moni Achidindo, koma iwo sanaonde nazo. Loweruka anadzera kumsika mvula ikuyamba. Mayi uja anali pabenchi pake pansi pa malata, akusanja tomato mosathamanga.

"Achemwali, bwerani muuse mvula kuno!" anakuwa atawaona Achidindo. "Malo alipo!"