Kwezani lilime

Ine ndine telala, ndipo pakamwa panga sipaona tchuthi. Munthu akabwera ndi nsalu pakhonde panga, amachoka atamva za aliyense. Ndiye tangoganizani munthu wotere kumupeza ndi chifuwa chachikulu.

Anandigwira ndi amayi a zaumoyo a dera lathu. Anandimva ndikutsokomola akudutsa, n'kundipatsa kabotolo kolavuliramo makhololo, n'kupita nako kuchipatala. Zotsatira zitabwera ndinawagwira mwendo.

"Mayi, chonde zisamveke. Ndani angalolenso kuti ndimuyandikire ndi tepi?"

Anati chinsinsi cha wodwala sichituluka mwa iwo, koma mankhwala ndizimwa iwo akuona. Masabata oyamba ndinatseka posokera panga, n'kunama kuti makina afa. Nditatsegula, m'mawa uliwonse ankatsamiritsa njinga pamzati, tonse n'kulowa kuseri kwa katani kumene ndimayezera makasitomala. Ndikameza mapiritsi ankati, "Yasamulani. Kwezani lilime." Akaona kuti sindinabise kanthu ankachonga pakhadi n'kumapita.

Pakhonde lomwelo pamakhala wosoka nsapato, munthu wa maso ngati nkhwazi. Tsiku lina anafunsa, "Akulu, mayi aja amadzatani kuseri kwa katani?"

"Za kuyeza," ndinatero. Mumtima ndinkadzitama kuti sindinaname, pajatu nawonso ndi oyeza anthu.

"Iii! Miyezi iwiri kuyeza chiuno chimodzi?"

Ndinaseka. Basitu, kuseka kokha, n'kutsinzina diso limodzi pang'ono. Ndinaona kuti kuli bwino anditche wachimasomaso kusiyana n'kunditcha wodwala. Zamanyazi, koma ndi mmene ndinaganizira.

Mawu alibe miyendo koma amafika. Lachitatu lina kunabwera bambo wina wamtali atavala ovolosi, n'kuima patsogolo pa makina anga osapereka moni.

"Ndine mwamuna wa mayi amabwera pano aja. Tandionetsani diresi mukuwasokeralo."

Ndisanapeze bodza, njinga ija inatulukira. Anthu anali atayamba kale kusonkhana. Bamboyo anatembenukira mkazi wake.

"Nena pano, anthu amve. Umakatani kuseri uko?"

Amayi aja anandiyang'ana. Sanandikakamize, anangondiyang'ana. Mawu anali atatu okha, oti ndimadwala chifuwa chachikulu. Koma ine, telala wolongolola uja, ndinawerama n'kuyamba kulowetsa ulusi pa singano yomwe inali kale ndi ulusi.

"Bambo, za ntchito yanga sindikamba pagulu," amayi aja anayankha motsitsa mawu.

"Chabwino. Katundu wako ukampeza panja."

Tsiku lonselo ndinasoka zokhotakhota. Thalauza la kasitomala wina ndinalisokera thumba chadodolido. Ndinadziuza kuti amayi aja sabweranso, ndipo ndani akanawanena?

M'mawa mwake anabwera wapansi, maso ali otupa, atavala zovala zadzulo zomwe zija. Njinga inali itatsekeredwa m'nyumba, iwo anagona kwa mng'ono wawo. Koma chikwama cha mankhwala chinali paphewa.

"Tiyeni kuseri," anatero.

Abale, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinakana kulowa. Ndinatenga kapu ya madzi n'kuima pakhonde pomwepo, n'kuitana wosoka nsapato uja ndi aliyense amene anali pafupi.

"Onani diresi lija ndi ili," ndinatero, mapiritsi ali m'manja. "Ndimadwala chifuwa chachikulu. Mayiwa amabwera kudzandimwetsa mankhwala. Zina zonsezo ndinayambitsa ndine."

Wosoka nsapato anangoti kukamwa yasa, kenaka n'kukokera benchi yake kutali pang'ono. Mtsikana wina amene anabwera ndi nsalu anaibwezera m'jumbo. Zinandiwawa, koma ndinameza.

"Yasamulani," anatero amayi aja, ngati masiku onse. "Kwezani lilime."

Ndinakweza. Anasuzumira nthawi yaitali kuposa kale.

"Kani limakwera bwinobwino," anatero. "Dzulo linatani?"

Ndinasowa poyang'ana. Ndinati ndipita kwa bambo aja pompano ndi khadi langa lakuchipatala, akaone okha. Iwo anachonga pakhadipo n'kundipatsa.

"Pitani, mwina akakumverani. Ine ndakhala nawo zaka khumi ndi ziwiri, koma anakhulupirira kuseka kwanu." Anakoleka chikwama paphewa. "Kwatsala miyezi inayi. Mawa ndikupezeni mutatunga kale madzi."