Gawo la Miyala m'Belo

Vailet anandiimbira foni Lachitatu, ine ndili m'chigafa, manja ali bii ndi utomoni wa fodya.

"Asisi, sewero lija la Malo a Malume ayamba kulibwereza pa kanema. Loweruka lino, 3 koloko masana, ndi gawo lija la miyala. Mubwere ndi Yankho, musachite zanu zija."

Vailet ndi mng'ono wanga, ali ndi saluni pa Kasungu Boma. Ndinangoti chabwino, n'kudula foni, n'kupitiriza kusoka fodya wanga.

Sewerolo ndi lakalekale, la nthawi ija kanema anali wa aphunzitsi ndi anthu a pa Boma okha. Nkhani yake ndi ya Malume Tsoka, munthu wadyera amene ankalanda munda wa ana a mlongo wake. Chaka chimene ndinabereka Yankho, eni sewerolo anabwera kuno ku Lisasadzi kudzajambula gawo limodzi m'chigafa chathu chomwechi. Ankafuna munthu wodziwa kupanikiza belo pa jeke, ndiye anatenga amuna anga, a Lemani. Ine kunalibe. Ndinali kuchidikiro kuchipatala, miyendo itatupa. Gawolo litatuluka, anthu ochokera pa Boma ankandiimitsa panjira kuti amuna anu tawaona pa kanema, koma ine sindinawaone.

Chaka chotsatira lole ya mabelo inagubuduka popita ku okushoni, a Lemani ali pamwamba. Maliro atatha achibale awo anasesa zonse, njinga, wailesi, mpaka khadi la kalabu ya fodya limene linali ndi chithunzi chawo chokhacho. Khadi! Kaya ankafuna akalikazinge.

Choncho Yankho wafika zaka makumi awiri ndi chimodzi osadziwa nkhope ya bambo ake. Ali wamng'ono ankandifunsa kawirikawiri, ine n'kumati usadandaule, bambo ako ali pa kanema, tsiku lina udzawaona wekha. Atakula anasiya kufunsa. Nditamuuza za foni ya Vailet anakhala pa mtolo wa fodya, n'kufunsa kuti avale chiyani.

"Ukupita kukaonera kanema, osati kuchinkhoswe," ndinatero.

Loweruka anavalabe diresi lake la kutchalitchi. Mayi anga, a Esitere, nawonso anakakamira kuti apita nawo, mawondo awo ovutawo. Tinakwera minibasi tonse atatu, ndipo njira yonse ine ndinkangowerenga zigafa za anthu.

Pa saluni tinapeza modzaza. Vailet pakamwa pake sipatsekeka, anali atalengeza msika wonse. Azimayi ena tsitsi lili theka loluka theka ayi, onse akukangana kuti gawo lokoma kwambiri linali liti.

"Lija Malume anabisa mbuzi m'bafa, apolisi akumufunsa iye n'kumatsokomola kuti asamve kulira kwake!"

"Aaa, inu, limenelo n'lachibwana. Nanga lija mkazi wake Feliya anamutsekera kunja ali ndi thawulo lokha, abusa akubwera kudzayendera?"

"Ine lija la maliro, mwana wa mlongo wake akuwerenga kalata pamanda. Ndinalira mpaka bambo a kunyumba anandithamangitsa pabalaza."

Ankaseka, kuombana m'manja. Ine ndinakhala pabenchi chikwama chili pamiyendo. Sindinkamva chimwemwe, sindinkamvanso mantha, ndinkangomva fungo la mankhwala a tsitsi. Yankho anakhala kutsogolo penipeni, foni ili m'manja kuti ajambule.

Nyimbo yoyambira itamveka onse anaimba nawo. Kenako Malume Tsoka uja anatulukira ndi chipewa chake chobooka, akutola miyala kumtsinje kuti akaike pakati pa belo lilemere. Anthu ankalankhula mawu ake iye asanawalankhule. Patapita mphindi khumi chithunzi chinasintha, ndipo ndinaona chigafa chathu. Mtengo wa muwanga uja tinadula kale unali chiimire pambali pake.

"Ndi kwathu uku," anatero Yankho.

Panali mwamuna pa jeke, wavala malaya a mizere. Malayawo ndinawadziwa, ndinagula ndine pa kaunjika. Anali atafulatira, akuzunguza chitsulo, mapewa akukwera ndi kutsika.

"Ndi amenewo," ndinatero. "Dikira atembenuke."

Malume anawakuwira kuti aphwanga, panikizani kwambiri. A Lemani anayankha kuti chabwino bwana, koma anayankhira kukhoma. Wojambula anasuntha kuti awapeze chakumaso, iwo anatembenukira kwina, n'kuwerama ngati akufuna chinthu pansi. Anasunthanso, iwo anakweza chiguduli n'kudzitchinga nacho. Saluni yonse inafa nacho chiseko.

"Ndi ameneyu, wamanyazi uja!" anakuwa mayi wina. "Kwathu tinkangomutchula kuti Chafulatira. Gawo limeneli timalikondera iyeyu!"

Vailet anamugwira pamkono mayiyo kuti asiye. Miyala inagwa kuchokera m'belo, Malume anathawa, a Lemani anatuluka m'chithunzi chammbali, dzanja lili pachipumi. Zinathera pomwepo. Panabwera malonda a sopo.

Yankho anali asanatsitse foni.

"Abweranso?"

"Ayi," anatero Vailet motsitsa mawu. "Ine ndinkakumbuka ngati amaoneka. Pepani, asisi, ndinali mwana."

Ndinatembenuka kuti ndione mayi anga. Anali atazungulira pabenchi, afulatira kanema, chitenje chili kumutu mpaka m'maso. Ndinaganiza kuti akulira.

"Amayi, mwatani?"

"Achoka?" anafunsa.

"Ndani?"

"Apongozi anga. Achoka pamenepo?"

Kwathu mkamwini sayang'anana ndi mayi a mkazi wake. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire, akamalankhulana wina amayang'ana kumbali. A Lemani anali munthu wosunga mwambo umenewu mopitirira muyeso, ndipo mayi anga ankawatamira pa chifukwa chomwecho. Koma kufulatira munthu amene anagona m'manda zaka makumi awiri zapitazo, pa kanema? Ndinafuna kuwakalipira, mphamvu ndinalibe.

"Achoka, amayi. Fundukulani."

Anafundukula pang'onopang'ono, koma sanatembenuke. Analankhula akuyang'ana makina oumitsira tsitsi.

"Tsiku limenelo ndinali pomwepo. Sindinali nditaonapo makina ojambulira, ndiye ndinakaima kumbuyo kwa wojambulayo kuti ndione mmene amaonera. Iye akasuntha, ine ndinkasuntha naye. Wojambulayo anawakalipira apongozi anga katatu kuti bambo, yang'anani kuno. Akanayang'ana bwanji, ine ndili pamenepo? Panalibe wondiuza kuti ndichoke. Ndinazindikira madzulo, anthu atapita."

"Ndiye zaka zonsezi munkadziwa?" ndinafunsa.

"Ndinkati mwina pena anawapeza."

 Wina anachepetsa mawu a kanema. Ndinadikira kuti mkwiyo ubwere, chifukwa ine ndine wosachedwa kupsa mtima, aliyense ku Lisasadzi akudziwa. Sunabwere. Ndinkangoona tsitsi la anthu lili mbwee pansi, n'kumaganiza kuti Vailet sasesa bwino.

Yankho anabwezera kumbuyo zimene anajambula pafoni, n'kuimitsa, n'kukulitsa ndi zala. Linali khutu ndi kachidutswa ka tsaya. Anapita kukagwada pafupi ndi agogo ake.

"Agogo, poti inu munali kutsogolo kwawo, ndiuzeni. Ankaoneka bwanji?"

"Ine, mwana wanga? Zaka zinayi ndinkawaphikira, koma ndimadziwa mapazi awo okha. Chala chachikulu chakumanzere chinalibe chikhadabo. Funsa amako."

Yankho anandiyang'ana. Saluni yonse inandiyang'ana.

Ndinatseka maso kuti ndiwaitane, a Lemani anga. Anabwera malaya a mizere. Linabwera fungo la fodya wouma, ndi mmene ankakhosomolera akamalowa pakhomo. Ndinadikira kumaso. Ndinadikira ndithu.

"Amayi?"

"Ndinaiwala, Yankho," ndinatero. "Ndinaiwala uli sitandade 2. Inenso ndinabwera kuti ndidzawaone."