Mawu a Kuseri kwa Foni

A Chotsala anatsokomola kachitatu, n'kukonza tayi, n'kuyang'ana foni imene inatsamira mulu wa mabuku patebulo. Kadiso kake kakuda kanangowayang'ana, osaphethira.

"Moni nonse," anatero.

Palibe anayankha. Pabalaza panali zii, kupatula makina osokera a akazi awo amene ankalira pakhonde. Anatembenukira ku bolodi limene analikhomera pakhoma, nalemba mutu wa phunziro, koma choko chinathyoka pakati.

Dzina loti Chotsala anawapatsa ndi ana asukulu, poti pa zaka makumi atatu ndi zinayi zimene anaphunzitsa masamu, sankamaliza samu yogawa osafunsa kuti, "Nanga chotsala?" Anapuma ntchito, koma dzinalo silinapume. Ndipo akanangokhala phee pakhonde n'kumawerenga nyuzipepala zakale pakanapanda mwana wawo wamkazi, yemwe ankagwira ntchito ku bungwe lina loika maphunziro m'matabuleti. Matabuletiwo ankapita ku sukulu zakutali, kumene mphunzitsi mmodzi amasenza makalasi atatu, ndipo masamu amaphunzitsa aliyense amene wapezeka tsikulo.

"Mwana wa m'tauni ali ndi mphunzitsi m'kalasi, wina wa masana akaweruka, winanso pa intaneti," anatero mwanayo tsiku limene anabweretsa foniyo. "Anzake aja alibe ndi mmodzi yemwe. Inu bambo, mutu wonsewo uzingowothera dzuwa?"

A Chotsala anavomera monyadira. Koma makanema atatu oyamba atapita, mwanayo anaimba ali ndi mawu ofewa kwambiri, mawu amene a Chotsala ankawadziwa kuti amabwera ndi zowawa.

"Bambo, masamu ake ndi olondola. Koma mukuyankhula ngati mukulengeza maliro pa wailesi. Ana akumatseka pakangotha mphindi ziwiri, matabuleti amationetsa. Akuluakulu akuti tiyesenso kamodzi pofika Lachisanu, zikakanika apatsa wina."

Tsopano linali Lachitatu, ndipo choko chinali chitathyoka. A Chotsala anatuluka kupita pakhonde. Akazi awo, amene dera lonse linkawatcha Atelala, anali atawerama pa diresi la sukulu, tepi ili m'khosi, mapini awiri ali pakamwa.

"Mayi, tandibwerekani nkhope yanu."

Atelala anachotsa mapiniwo. "Yanuyo yatani?"

"Sindingathe kuphunzitsa khoma. Mungokhala kuseri kwa foniyo kuti ndikhale ndi munthu womuyang'ana. Simuoneka ayi. Koma chonde, osayankhula."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukumverani mukuyankhula nokha, ndilephera lero?"

Analowa ndi nsalu yopinda pamanja, n'kukhala pampando kuseri kwa tebulo. A Chotsala anadina kabatani kofiira kojambulira, ndipo ulendo uno mawu anatuluka bwino. Analemba theka, analemba kota, n'kuika chizindikiro chophatikiza pakati. Anafotokoza kuti nambala za pansi ziyenera kuyamba zafanana, anachulukitsa apa ndi apo, choko chikuthamanga ngati kale. Anali pafupi kulemba yankho pamene mawu anatuluka kuseri kwa foni.

"Chifukwa chiyani?"

Dzanja linaima m'mwamba. "Mayi."

"Pepani. Koma bwanji osangophatikiza za pamwambazo, n'kuphatikizanso za pansizo, basi nkhani yatha?"

"Chifukwa lamulo lake silitero."

"Analikhazikitsa ndani lamulolo?"

A Chotsala anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Pa zaka zonse zija panalibe mwana amene anawafunsapo choncho, ndipo kwa nthawi yoyamba anadzifunsa ngati anawo ankamvetsa kapena ankangoopa. Anayang'ana uku ndi uku, maso awo n'kugwera pa nsalu imene inali pamiyendo ya akazi awo.

"Bweretsani nsaluyo. Tiyerekeze kuti ndi mita imodzi. Munthu akafuna theka la mita ya malaya, n'kufunanso kota ya kolala ndi matumba, mumudulira yaitali bwanji?"

"Makota atatu. Zimenezo n'zofunsa?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Nanga si theka ndi makota awiri?" Manja awo analowa patsogolo pa foni, n'kupinda nsaluyo pawiri, kenako panayi, n'kukanikiza mzere ndi chikhadabo. "Awiri awa, kuphatikiza imodzi iyi."

"Ndiye zimene ndalemba pabolodizi. Theka ndalisandutsa makota awiri kuti zidutswa zifanane. Simungawerenge pamodzi zidutswa zosiyana kukula."

Atelala anayang'ana bolodi, anayang'ana nsalu, anayang'ananso bolodi. Singano inagwa pansi osaitola.

"Aa! Ndiye ndi zomwe ndimachita tsiku ndi tsikuzi?" Mawu awo anatsika. "Nanga aphunzitsi anga aja ankandiimitsiranji padzuwa ndili mwana?"

A Chotsala anazimitsa foni. Mtima unali utawawira, koma sanadziwe kuti ukuwawira ndani. Kudula kanema sankatha, choncho anatumiza yense, n'kulembera mwana wawo kuti, "Uchotsemo mawu a mayi ako. Asokoneza phunziro."

Mwanayo sanachotse kalikonse. Anaimbira mayi ake kuwapempha kuti mawu awo akhalemo, iwo n'kuyankha kuti bola nkhope isaoneke, poti tsikulo anali asanapese. A Chotsala atamva, anakhala masiku awiri akuyankha ndi mphuno. Ankadziuza kuti akuteteza ulemu wa akazi awo: anthu adzati chiyani akamva kuti mkazi wa mphunzitsi wa masamu sadziwa kuphatikiza mafulakishoni? Koma akamameta ndevu m'mawa, maso a m'galasi ankawauza zina. Chimene chinkawaluma chinali chakuti ana zikwizikwi adzawaona ataima kukamwa kuli yasa, yankho litawathawa.

Patatha sabata ziwiri, mwana uja anabwera yekha masana a Loweruka. Anapeza makolo ake ali pakhonde, wina akusoka, wina akunamizira kuwerenga.

"Ana aonera kanema uja mpaka kumapeto, ena kawirikawiri. Koma tamverani izi. Mphunzitsi wa sukulu ina ndi amene watumiza."

Anadina foni. Kunamveka mphepo, phokoso la ana, kenako mawu a mtsikana wamanyazi.

"Aphunzitsi a m'tabuleti, muli bwanji? Ine ndili Sitandade 6. Funso limene anafunsa amayi aja ndi lomwe ndinkafuna kufunsa chaka chatha, koma ndinkaopa kusekedwa. Ifenso tapinda pepala ndipo zatheka. Ndiye muwauze amayiwo kuti ulendo wina asajombe."

Atelala anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anapukuta m'maso ndi kansalu kotsala podula. Mwana wawo analowa m'nyumba kukatereka madzi a tiyi, n'kuchedwako dala.

A Chotsala anapinda nyuzipepala pang'onopang'ono.

"Mayi, zoimitsidwa padzuwa zija simunandiuzepo."

"Munandifunsa?"

"Munati munasiya sukulu chifukwa mayi anu ankadwala."

"Ankadwaladi. Koma atachira sindinabwerere. Ndinali nditatopa ndi kuima panja anzanga akundisuzumira pawindo. Ndinangoti mutu wanga ndi wouma, bola manja."

"Zaka makumi atatu m'nyumba imodzi! Ndikanakuphunzitsani pa sabata imodzi yokha."

"Mumabwera mutatopa ndi ana a eni ake, mawu atasasa, malaya ali mbuu ndi choko. Ndikanawonjezera mtolo? Komanso," anawayang'ana cham'mbali, kumwetulira kukubisala pakona ya milomo, "ndinkakumvani mmene munkakalipira makope a ana patebulopo. Ndinati, ine uyu asandidziwe."

A Chotsala anafuna kuseka, koma kuseka kunakana. Anakumbukira masana ambirimbiri amene ankachonga makope akung'ung'udza kuti ana a masiku ano ndi mbuli, akazi awo ali pambali, akudula nsalu mwakachetechete osaphonya ndi inchi yomwe. Anatambasula dzanja n'kugwira chala chawo cha mkombaphala, chija chokhakhala ndi mabala a singano.

"Ndinalakwa, mayi."

"Musayambe kulira pano, makasitomala angaganize kuti ndakusokerani thalauza lothina."

Kuyambira pamenepo ankajambula awiri, Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa. Bungwe lija linawapatsa mitu yonse ya chaka. Nkhope ya Atelala sinaonekepo, koma manja awo ankalowa ndi kutuluka, atanyamula mabatani, zingwe, tepi, tsiku lina mpaka sizasi. Akapanda kumvetsa ankanena mosabisa, ndipo a Chotsala anaphunzira kuyankha kuti, "Dikirani ndiganize," foni ili chijambulire. Mauthenga ochokera ku sukulu zija anachuluka. Ambiri ankayamba ndi kupereka moni kwa amayi, aphunzitsi n'kubwera pambuyo.

Mwana wawo anawasiyira tabuleti imodzi kuti aziona ntchito yawo. Posakhalitsa a Chotsala anazindikira kuti tabuletiyo sinkakhala pashelefu pamene ankaisiya. Ankaipeza m'dengu la nsalu, nthawi zina pansi pa pilo.

"Mukutani nayo?"

"Ndikuphunzira kwa mphunzitsi wanga."

"Si ine ndili pano?"

"Uyu wa m'galasiyu ndi wabwino kuposa inu. Ndikamuimitsa amaima. Ndikamubweza kasanu sapumira m'mwamba. Ndipo safunsa kuti tiyi ali kuti."

"Ndiye ndichite nsanje ndi ine ndemwe?"

"Chitani. Mwina mungayambe kundigulira mphatso."

Tsiku lina chakumasana a Chotsala anachokera kometetsa tsitsi, napeza makina ali chete ndipo pakhonde palibe munthu. Atafika pakhomo anamva mawu awo omwe akuchokera kuchipinda chosungira nsalu. Linali limodzi mwa maphunziro atatu oyambirira aja, a mawu a maliro, amene ana anawakana. Linali la kugawa mafulakishoni, mutu umene awiriwo anali asanafikepo. Mawuwo anayankhula pang'ono, n'kudulidwa. Anabwerera m'mbuyo, n'kuyambanso. Anadulidwanso.

Anasuzumira pa mpata wa chitseko. Akazi awo anali atakhala pa mpukutu wa nsalu, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, akulemba kuseri kwa pepala lodulira madiresi ndi pensulo yaifupi ngati chala. Anafufuta ndi chala chonyowetsa ndi malovu, analembanso, anawerenga ndi milomo yokha. Mphunzitsi wa m'galasi anali ataima chiimire, kukamwa kuli theka, akudikira moleza mtima.

Lilime la a Chotsala linayabwa. Yankho linali pakamwa penipeni, ndipo phazi linali litakwera kale kuti alowe. Analibweza pansi mosapanga phokoso.

"Sikisi," anatero Atelala motsitsa, osauza munthu. Anayang'ananso pepalalo. "Sikisi, iwe. Usandinamize."

Anadina tabuleti. Mphunzitsi wa mawu a maliro uja anapitiriza, analemba mzere womaliza, n'kulengeza kuti yankho ndi sikisi.

Atelala sanafuule. Anangoika pensulo kukhutu, n'kuwongola msana, n'kukhala choncho kanthawi, akuyang'ana pepala lawo.

Kunja kwa chitseko, popanda wowaona, a Chotsala anakweza dzanja n'kuchonga m'malere, chichongo chachikulu cha mchira wautali. Kenako anabwerera chakumbuyo mpaka pageti, nalitsegula ndi kulitseka mwaphokoso, ngati munthu amene wangofika kumene.