Penti pa Ng'oma ya a Esau

Ku Kasungu kuno fodya akayenda bwino ku okushoni, anthu olemera amadwala matenda a chifundo. Matendawa amayamba kunja kukazizira, ndipo amachira okha mvula ikayandikira, nthawi yogula feteleza ikakwana. Chaka chimene ndikunenachi anagwira kwambiri anthu awiri: a Grey Mwale, eni esiteti ya fodya kunjira ya ku Lifupa, ndi a Pearson Chirwa, eni golosale yaikulu ndi chigayo paboma. Awiriwa sankaonana ndi diso labwino. Wina akapereka mpira kusukulu, mnzake amatulukira mawa lake ndi mipira iwiri, wezulo pamwamba.

Ine ndine Tabitha, ndinkaphunzitsa pa pulayimale ina pabomapo. Ndinalowa mu Komiti Yothandiza Ovutika ndi Kukweza Zaluso chifukwa apampando a chipani m'dera lathu anati komiti ikusowa mayi wodziwa Chingelezi komanso kuwiritsa tiyi. Masiku amenewo apampando akakusankha sunkati ndikaganize kaye. Unkangogwada n'kuthokoza.

Wovutika wathu ndi waluso wathu anali munthu mmodzi yemweyo, zimene zinakondweretsa komiti chifukwa ntchito inachepa. A Esau a ku Njombwa anachita khungu ndi chikuku ali mwana. Ankaimba ng'oma yaikulu ya mganda, ija ya chikopa mbali zonse ziwiri, yokoleka m'khosi ndi lamba. Anawasiyira ndi amalume awo, ndipo ndi imene inkawadyetsa. Magulu a mganda ankawalimbirana, eni maukwati ankawatuma njinga, ndipo Loweruka ankakhala pachipata cha msika anthu n'kumawafupa. Akazi awo, a Zelesi, ankawatsogolera atasenza kamtolo ka udzu. Akafika pamalo ankakoleza udzuwo, a Esau n'kuyandikiza ng'oma kumoto, kuitembenuza uku akuigogoda ndi chala mpaka chikopa chitakungika. Ng'oma ija ikawambidwa bwino, inkamveka mpaka kuzigafa za a Grey, matenanti n'kumasoka fodya akugwedeza mapewa.

Kenaka kunamveka kuti kukubwera mlendo wolemekezeka wochokera kulikulu kudzatsegula holo yathu yatsopano. Komiti inakumana mwachangu.

"Mganda ukhalepo," anatero a Grey. "Koma ng'oma ya madala aja yada ngati mphika wa pamaliro. Mlendo adzati ku Kasungu kulibe anthu okonda zaluso. Ine ndiikonza."

Tinapita ku Njombwa pa pikapu yawo, ine, iwo ndi apampando. Tinapeza a Esau akuwothera dzuwa pakhonde, ng'oma ili pambali pawo. Atamva chimene tinabwerera, anaika dzanja pachikopa.

"Bwana, ng'oma iyi sinagonepo pakhomo pa munthu wina," anatero.

"Madala, tikukuthandizani," anatero a Grey.

"Ndathokoza, bwana. Koma ilibe vuto. Ikulira bwinobwino."

Apampando anatsokomola pang'ono n'kufunsa mofatsa: "Kodi a Esau, mukukana chitukuko?"

Funso limenelo linalibe yankho lachiwiri. A Zelesi anadzuka okha, kunyamula ng'oma ija n'kukaiika mu pikapu, n'kuiyalira chitenje chawo kuti isakhulike.

A Grey anaitanitsa mnyamata wolemba zikwangwani. Thupi la ng'oma analisiya momwemo, ati kumeneko maso a anthu sapitako. Penti anapaka pachikopa penipeni, mbali imodzi, wobiriwira ngati fodya wa kunazale, ndipo pamwamba pake panalembedwa zachikasu: MPHATSO YA GREY MWALE, MLIMI WA FODYA. Anakaisiya m'chipinda cha kuholo kuti iume. Chimene anaiwala n'chakuti loko wa chipindacho anali mphatso ya a Pearson, ndipo wopereka loko sapereka makiyi onse.

Patapita masiku tinakapeza mbali ina ija ili psuu, yofiira, zilembo zoyera zikunena kuti: PEARSON CHIRWA, GOLOSALE NDI CHIGAYO, BWENZI LA OSAUKA. A Grey ataona, anatupa ngati finye. Anatuma mnyamata wawo uja kuti abwerezenso penti kumbali yawo kuti iwale kuposa ya mnzawo. A Pearson nawo anabwereza. Pofika sabata ya mwambo, zikopa zija zinali zitakhuthala ngati chitseko.

Ine ndinayesa kulankhula, ketulo ili m'manja. "Pepani akuluakulu, kodi penti wochuluka chonchi sangaphe mawu a ng'oma?"

A Pearson anandiyang'ana mwachisoni, ngati mwana wolephera masamu. "Aphunzitsi, penti ameneyu ndi wa ku Joni. Ndimagulitsa ndekha. Sasuluka."

Ndinabwerera ku tiyi wanga.

Tsiku la mwambo kunacha ndi mphepo yozizira, ya fumbi, yong'amba milomo. Amayi ovala nsalu za chipani anadzaza mbali imodzi ya bwalo, ana asukulu mbali ina. A Grey anabweretsa lole yodzaza ndi matenanti awo, ambiri opanda nsapato, kuti adzaombe m'manja pomva za kuwolowa manja kwa bwana wawo. A Pearson anapereka zakumwa zoziziritsa kukhosi kwa okhala pansanja, pa tsiku limene aliyense ankanjenjemera.

Ng'oma anaitulutsa itakutidwa ndi nsalu yoyera ngati mkwatibwi. Ataikoleka m'khosi mwa a Esau kuseri kwa holo, iwo ananunkhiza kaye. Kenaka anayendetsa zala pachikopa, mbali iyi, mbali inayo. Anaigogoda ndi chala.

"Kolezani moto, mayi," anatero kwa akazi awo.

A Zelesi anamasula kamtolo kawo n'kuyatsa. Utsi utangokwera, ndinaona chinthu chimene Kasungu yense anali asanachionepo: a Grey ndi a Pearson akuthamangira kumodzi, akunena chinthu chimodzi.

"Zimitsani moto umenewo!"

"Bwana, kwazizira," anatero a Esau. "Ng'oma yosawamba silankhula."

"Mukufuna dzina langa lipse?" anatero a Grey.

"Penti ameneyu ndi wa mafuta, madala," anatero a Pearson. "Akatentha amatuwa, zilembo n'kukwinyika. Mlendo awerenga chiyani?"

Anyamata a yufi ya chipani anabwera n'kupondaponda motowo. A Zelesi anatola udzu wotsala n'kuumanganso.

Mganda unalowa m'bwalo. Anyamata anatchena: makabudula oyera, masokosi ofika m'mawondo, mabadza awo, timalipenga ta zikho, ali kukamwa. Wotsogolera anaimba wezulo, onse n'kuima njo, kudikira ng'oma. A Esau anakweza ndodo n'kumenya.

Inangoti phwa.

Anamenyanso mwamphamvu. Phwa, phwa, ngati munthu akukuntha thumba la madeya lonyowa. Ovina anayang'anana. Akutsogolo anayamba kutsata mabadza, akumbuyo akudikirabe ng'oma, mzere n'kusokonekera. A Esau thukuta linali kamukamu pamphepo yonse ija. Nkhope yawo sindidzaiiwala: munthu amene wakhala akugwedeza mabwalo moyo wake wonse, akumenya ndi mphamvu zake zonse chinthu chimene sichikumuyankha.

Koma a Grey vuto limene analiona linali lina. Mbali imene inaloza kunsanja inali yofiira. Anatsika msangamsanga, kugwira a Esau m'mapewa n'kuwatembenuza kuti mlendo aone zobiriwira. Asanakhale n'komwe pampando, a Pearson anali atatsika kale n'kuwatembenuzanso. A Grey anabwereranso. Zinapitirira choncho, akuluakulu awiri a masuti akupokezana munthu wosaona ngati chiwongolero cha thirakitala, iye akumenyabe ng'oma yake yakufa. Mlendo anayesa kuti ndi mmene timavinira mganda ku Kasungu. Anaseka n'kuomba m'manja. Mlendo akaomba m'manja bwalo lonse limaomba, ndiye tinamva nthungululu kuchokera kwa amayi, matenanti nawo akuomba ndi manja awo othetheka.

Itakwana nthawi ya zolankhula, mlendo anayamika holo, anayamika chitukuko, anayamika amalonda athu amene saiwala osauka. Kenaka analoza a Esau, amene anali ataima pakati pa bwalo pomwe anawasiya.

"Ndayenda dziko lino lonse," anatero pa chimkuzamawu, "koma sindinaonepo ng'oma yokongola ngati imeneyo."

Masiku amenewo mlendo wamkulu akayamikira chinthu, kaya ndi mbuzi, kaya ndi mpando umene wakhalapo, chinthucho chinkakwera galimoto. Aliyense pabwalopo ankadziwa zimenezi. Ndinaona a Grey akuyang'ana a Pearson m'mbali mwa diso, a Pearson nawo chimodzimodzi. Aliyense ankaopa kuti mnzake ayamba ndiye. Ananyamuka nthawi imodzi.

"Olemekezeka, ilandireni ngati mphatso yochokera kwa ine," anatero a Grey akuthamanga.

"Kwa ife," anatero a Pearson, atagwira kale mbali yofiira.

A Esau anamva lamba akuvulidwa m'khosi, ndipo anamugwira ndi manja awiri. "Ikupitanso kuti?" anafunsa. A Zelesi anawanong'oneza kukhutu. Manja aja anakhalabe pa lamba kanthawi, mpaka apampando anafika n'kuwasisita pamsana.

"Madala, sekererani. Akujambula."

A Esau anamusiya lambayo. M'malo mwake anawaika m'manja bulangete lopyapyala, la m'golosale ya a Pearson, wojambula n'kujambula. Kenaka anawakokera pa chimkuzamawu kuti athokoze.

"Zikomo kwambiri, akuluakulu," anatero a Esau. "Koma muziiwamba."

Anthu a pansanja anafa nalo phwete, ati madala aja ndi anthabwala. Ng'oma inalowa kumbuyo kwa galimoto ya mlendo pamodzi ndi nkhosa, mazira ndi dengu la mtedza.

Ine ndinakwiya kwambiri. Ndinatsatira apampando kuseri kwa nsanja n'kuwauza kuti munthu uja tamulanda khasu lake. Iwo anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Ndiye mukufuna akaitsitse m'galimoto muja ndani, aphunzitsi? Inuyo?"

Mawa lake wailesi inalengeza kuti amalonda awiri a ku Kasungu apereka ng'oma yatsopano kwa bambo wina wosaona pofuna kukweza chikhalidwe chathu. Amene sanabwere kumwambo anakhulupirira wailesi, poti wailesi sinkanama. Ataona a Esau alibe ng'oma, anayamba kunena kuti aigulitsa n'kumwera kachasu. Magulu a mganda anapeza woimba wina wa ku Nkhamenya. Njinga za eni maukwati zinasiya kukhotera ku Njombwa.

Pamsonkhano wotsatira wa komiti ndinasiya ketulo pansi n'kupempha kuti tipeze mtengo, chikopa cha ng'ombe ndi mmisiri, a Esau tiwasemere ng'oma ina. A Grey anapumira m'mwamba. Anati okushoni yatsekedwa, feteleza wakwera mtengo, komanso si bwino kuzoloweza osauka kulandira chaka chilichonse, amachita ulesi. Matenda aja anali atawachoka. A Pearson ndi amene anali adakali ndi kachifundo kotsalira.

"Aphunzitsi asadandaule," anatero. "Kuseri kwa golosale kuli chitini chachikulu chimene munali penti uja. Madala aja akhoza kudzatenga. Sindiwalipiritsa."

Apampando anapempha kuti tiwaombere m'manja a Pearson, ndipo komiti inaomba.

Loweruka lina ndikupita kukagula matemba, ndinamva phokoso pachipata cha msika, lokhala ngati ana akuthamangitsa mbalame m'munda wa mapira. Anali a Esau. Anakhala pamalo pawo pakale, bulangete lija ali nalo m'mapewa, chitini atachikoleka m'khosi ndi luzi. M'mbali mwake munali mutayenderera penti wofiira. Anthu ankangodutsa. Pambali pawo panali a Zelesi, ndipo pafupi ndi mapazi awo panali kamtolo ka udzu, komanga bwinobwino.

Ndinawapatsa moni. Anasiya kuimba n'kutembenuzira khutu kwa ine.

"Ndi aphunzitsi a komiti?"

"Ndine, bambo."

"Ndimawauza mayiwa kuti aleke kusenza udzu," anatero. "Ichi sichifuna moto. Koma samva, akuti mutu unazolowera."

A Zelesi anayang'ana kumbali.

"Aphunzitsi, inu mumayenda, mumamva za kulikulu," anatero a Esau, atatsitsa mawu kuti odutsa asamve. "Kumene inapita kuja, alipo amene amaiwamba?"

Ndinawauza kuti sindikudziwa. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kutola ndodo zawo, kuyambanso kumenya chitini.