Chitseko Chosakhoma

Achimwene anga anakhala kundende zaka zambirimbiri pa limandi, mlandu wawo osazengedwa n'komwe. Oweruza atsopano atayendera ndendeyo ndiwo anafunsa kuti, "Bambowa akudikira chiyani muno?" Basi, n'kuwamasula. Kupepesa? Olo kamodzi.

Ndinawatengera kwanga, poti mlamu anakwatiwa kale kwina. Koma abale, munthu ndinabwera nayeyo sanali achimwene aja oseka mpaka misozi. Ndikawayalira pabedi, iwo ankagona pansi, chammbali, atadzipanikiza kukhoma ngati m'chipindamo mwadzaza anthu. Podya ankafungatira mbale. Anzawo akale palibe anabwera kudzawaona, ndipo tsiku lonse ankangoyang'ana pawindo.

Pakamwa pawo panali munthu mmodzi yekha: mwana wawo wamkazi, amene anamusiya akuyamwa. Ndinamunyengerera mtsikanayo pafoni mpaka kukhosi kuuma. Mapeto ake anati, "Azakhali, Lachisanu ndidutsa pabasi popita kusukulu. Imaima pang'ono padepoti yakwanuko. Akafuna abwere, koma sindiwadikira."

Lachisanulo achimwene anasita shati kawiri, nsapato n'kupukuta mpaka waliwali. Anatulutsanso kachikwama kamene anamulukira mwanayo ali kundende, ndi ulusi wosolola m'matumba.

"Depoti ndi pomwepa, mungowoloka msewu," ndinawauza. "Musachedwetu." Ndinakoka chitseko n'kuthamangira kusaluni kumene ndimagwira ntchito.

Masana foni inalira, ine manja ali m'mutu mwa kasitomala.

"Azakhali, basi ikunyamuka. Sanabwere. Amayi ankanena zoona, musadzandiyimbirenso za iwowo."

Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa. Ndinasiya mayi wa eni tsitsi lili theka, ulendo kunyumba, ndikulalata njira yonse. Kudzichepetsa kwanga konse kuja kwa kamwana, iwo n'kukakhala kumowa? Lero andiona!

Ndinakankha chitseko ndi phazi, chinatseguka. Achimwene anali atanjuta pansi pafupi ndi khomo, shati ili bwinobwino, kachikwama kali pamaondo. Thukuta linali litanyowetsa kolala yonse.

"Mukutani apa? Mwana wapita!"

"Ndimadikira mudzatsegule, achemwali."

"Nditsegule chiyani? Ine sindinakhome!"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana chogwirira cha chitseko nthawi yaitali.

"Ndinamva chikutsekeka," anatero motsitsa mawu. "Zathu zakundende zija zinalibe chogwirira mkati."

Chisoni chinandigwira, ndinangokhala pansi pomwepo ndi yunifolomu yanga.

Iwo anadzuka, n'kukankha chitseko mpaka chinatsekeka. Anagwira chogwirira chija n'kutsegula. Anaima pakhomo kuyang'ana kumsewu, kachikwama kali m'manja.

"Achemwali," anafunsa osacheuka, "basi ija imabwerera njira yomweyi?"